Dzanja Limene Linadula: Kodi Zigawo Zochotsedwa ndi Mbali ya Filimu?

Mu msewu wa Roeland, mumzinda wa Cape Town, muli nyumba yosungiramo zikalata zakale za boma imene inamangidwa pamalo pamene kale panali ndende. Mwa zinthu zina zambiri, m'nyumbamo mumasungidwa mafaelo a mabungwe amene m'nthawi ya tsankho la apartheid ankaunika mabuku, magazini ndi mafilimu anthu asanaloledwe kuziwerenga kapena kuzionera. Lamulo la 1963 linakhazikitsa bungwe la Publications Control Board, ndipo lamulo la 1974 linaika m'malo mwake Directorate of Publications. Mabungwe onse awiriwa likulu lawo linali ku Cape Town. Filimu ikafika pamaso pa ounikawa, inkatha kuloledwa yonse, kuletsedwa yonse, kapena kuloledwa pokhapokha zigawo zina zitadulidwa. Inkathanso kuloledwa kwa azungu okha, n'kuletsedwa kwa anthu akuda. Chotero anthu amene ankakhamukira ku nyumba za kanema za Avalon ndi Star ku District Six, dera limene boma linalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha, nthawi zambiri ankabwerera kwawo akukhulupirira kuti aonera filimu, chonsecho chimene aonera chinali chotsalira cha filimu.

Lero zigawo zambiri zimene zinadulidwa m'mafilimu akale otchuka zinatuluka poyera. Zina zinapezeka m'nyumba zosungiramo zakale, zina zinaikidwa pa ma DVD ngati zoonjezera, ndipo zina zimaonereka pa intaneti. Kutuluka kwakeko kunabweretsa mtsutso pakati pa okonda mafilimu: kodi chigawo chimene chinajambulidwa koma n'kuchotsedwa filimu isanaonetsedwe chiyenera kuwerengedwa ngati mbali yeniyeni ya nkhaniyo? Ngati m'chigawo chochotsedwa mwaululika kuti munthu wina wa m'nkhani anali ndi mwana, kodi mwanayo alipo kapena kulibe? Poyamba funsoli limamveka ngati lamacheza chabe, loyenera anthu amene alibe chochita. Koma munthu akalilingalira mofatsa amapeza kuti mkati mwake muli funso lakale ndi lolemera: kodi mawu amene munthu anaganiza, anakonza, koma sanawalankhule, ndi ake? Nanga ngati sanawalankhule chifukwa wina anamugwira pakamwa?

Ochita mtsutsowu amagwiritsa ntchito mawu oti kanoni. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, kumene ankatanthauza bango lowongoka loyezera zinthu, ndipo pambuyo pake anayamba kutanthauza mndandanda wa mabuku amene mpingo unavomereza kuti ndi opatulika. Owerenga Chichewa nkhaniyi si yachilendo kwa iwo. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, mulibe mabuku ena monga la Tobiti ndi la Yuditi, amene ali m'Malembo Oyera a Akatolika a 1966. Ndime zomaliza za Uthenga wa Marko, kuyambira pa 16:9, sizipezeka m'mipukutu yakale kwambiri ya Chigiriki. Chimodzimodzinso nkhani ya mayi wogwidwa m'chigololo mu Yohane 8. Komabe mipingo yakhala ikuziwerenga kwa zaka mazanamazana. Phunziro loyamba ndi lakuti kanoni sagwa kuchokera kumwamba ali wathunthu ngati matalala. Pamakhala anthu amene agwira bango loyezeralo, ndipo n'koyenera kufunsa kuti anthuwo ndani ndipo anapatsidwa ndi yani mphamvuyo.

Pa nkhani ya mafilimu pali mayankho awiri ofulumira, ndipo onse awiri ndi operewera. Yankho loyamba limati chilichonse chimene chinajambulidwa ndi mbali ya filimu, popeza chinalembedwa, chinaseweredwa ndi kujambulidwa ndi anthu omwewo. Koma amene anaonapo mayi akukonola chimanga amadziwa kuti gaga anachokera ku chimanga chomwecho, koma gaga si ufa woyera. Kupeta ndi mbali ya ntchito yokonza ufa monga mmene kusinja kulili. Wotsogolera filimu amajambula maola ochuluka kuposa amene adzaonetse, ndipo luso lake lalikulu limaonekera pa kusankha. Mu 1968 Stanley Kubrick anadula mphindi pafupifupi 19 m'filimu yake ya 2001: A Space Odyssey itangoonetsedwa koyamba. Mu 1980, patangopita masiku ochepa filimu ya The Shining itayamba kuonetsedwa, iye analamula kuti chigawo chachifupi cha kumapeto, chochitikira m'chipatala, chidulidwe m'nyumba za kanema zimene zinali zitalandira kale filimuyo. Palibe amene anamukakamiza. Iye anaona kuti nkhaniyo imaluma kwambiri ikathera pamene sinafotokoze zonse. Munthu amene lero angabwezeretse chigawocho n'kunena kuti wakonza filimuyo, ndiye kuti wathira gaga mu ufa wa mwini wake.

Apa maphunziro a chilankhulo amathandiza. Kukhala chete ndi mbali ya kulankhula. Mkulu woweruza mlandu pabwalo akafika pa mfundo ina n'kuilumpha dala, anthu ozindikira amamva chimene walumphacho, ndipo kulumphako kumanena zambiri kuposa mmene mawu akananenera. Wopepesa maliro amene amangokhala pansi pafupi ndi namfedwa, osachulutsa zonena, walankhula. Mawu amene munthu wawameza mwa kufuna kwake si otayika. Iye wawayeza n'kuwapeza osayenera. Kuwatola mawuwo pambuyo pake n'kuwaika m'kamwa mwake ndi kumulanda ufulu umene mlankhuli aliyense ali nawo, ufulu wosankha pothera.

Yankho lachiwiri limati filimu yeniyeni ndi imene inaonetsedwa kwa anthu, basi. Zonse zimene zinatsalira panja n'zopanda ntchito. Yankholi limaoneka laukhondo, koma mafaelo a mu msewu wa Roeland amaligwetsa. Ngati filimu yeniyeni ndi imene inafika pamaso pa oonera, ndiye kuti wounika wa boma la tsankho ndi mmodzi mwa olemba filimuyo, ndipo lumo lake lili ndi ulamuliro wofanana ndi cholembera cha mwini nkhani. Lamulo la 1963 linkaletsa, mwa zina, zithunzi zoonetsa azungu ndi anthu akuda akusakanikirana m'njira imene ounikawo ankaiyesa yonyansa. Kuvomereza kuti chigawo chodulidwa pa chifukwa choterechi si mbali ya filimu ndi kuvomereza chifukwacho. Ku Malawi nako, lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 linapatsa bungwe lounika mphamvu zofanana ndi zimenezi, ndipo mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda anthu oonera kanema, monga ku Apollo mu Blantyre, anazolowera kuona mnyamata ndi mtsikana akuyandikirana, kenako chithunzi n'kudumpha, awiriwo ali kale pena. Kupsompsonana kunali kutadulidwa. Palibe angatsutse kuti m'nkhaniyo awiriwo anapsompsonana ndithu. Chimene chinachitika n'chakuti Amalawi analetsedwa kuona.

Lumo si la boma lokha. Eni ndalama nawo amadula. Filimu ya Metropolis, imene Fritz Lang anaionetsa koyamba ku Berlin mu 1927, inafupikitsidwa kwambiri ndi makampani amene ankaigulitsa, ndipo kwa zaka 80 dziko linkaonera filimu yoduka miyendo. Mu 2008 kope lakale linapezeka m'nyumba yosungiramo mafilimu ya Museo del Cine ku Buenos Aires, ndipo mu 2010 mphindi pafupifupi 25 zinabwezeretsedwa. Anthu ena a m'nkhaniyo amene zochita zawo zinali zosamveka anayamba kumveka. Mu 1942 kampani ya RKO inadula mphindi zoposa 40 m'filimu ya Orson Welles yotchedwa The Magnificent Ambersons iye ali ku Brazil, inajambulitsa mathero ena osangalatsa, ndipo zodulidwazo pambuyo pake zinawonongedwa. Pa zitsanzo ziwirizi, chigawo chochotsedwa si gaga. Ndi chiwalo chimene chinadulidwa pa thupi lamoyo.

Chotero funso lenileni si lakuti chigawocho chinajambulidwa kapena ayi, kapenanso lakuti chinaonetsedwa kapena ayi. Funso ndi lakuti: ndi dzanja la yani limene linadula, ndipo kodi dzanjalo linali laufulu? Chimene mwini ntchito anachotsa mwa kufuna kwake chiyenera kusungidwa ngati umboni wa mmene anagwirira ntchito, monga mmene akatswiri amasungira zolemba zoyamba za mlembi, koma si mbali ya nkhani. Chimene chinachotsedwa mokakamiza ndi mbali ya nkhani, ndipo kuchibwezeretsa ndi kubweza ngongole. Mlandu suola, ngakhale patapita zaka 80, wolandidwa amakhalabe wolandidwa.

Mfundo imeneyi ikanakhala yokwanira zinthu zikanakhala zosavuta chotere, koma pali zopinga zitatu zimene munthu woona mtima sangazilambalale. Chopinga choyamba n'chakuti filimu ilibe mwini mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo filimu ndi denga lalikulu: pali wolemba nkhani, wotsogolera, ochita sewero, wojambula, wolumikiza zithunzi ndi woika ndalama. Si nthawi zonse pamene woika ndalama amalakwa, ndipo si nthawi zonse pamene wotsogolera amakhoza. Komanso wotsogolera yemweyo amasintha maganizo. George Lucas anatulutsa Star Wars mu 1977, koma mu 1997 anaitulutsanso atabwezeretsa chigawo china chimene anachichotsa poyamba ndi kusintha zina, ndipo kwa zaka zambiri kope loyamba lija linali lovuta kulipeza looneka bwino. Kodi mwini wake ndani: Lucas wachinyamata amene anadula, kapena Lucas wachikulire amene anabwezeretsa? Munthu ali ndi ufulu wokonzanso ntchito yake, koma alibe ufulu wofafaniza umboni wa chimene ananena poyamba. Akatero, nayenso wasanduka wounika, wolondera mbiri yake yomwe.

Chopinga chachiwiri ndi cholemera kwambiri, ndipo Amalawi amachidziwa bwino kuposa anthu ambiri. Kuunika kukakhazikika m'dziko, wounika safunikanso kudula, chifukwa mlembi amadula yekha asanapereke ntchito yake. Dzanja limene lagwira lumo ndi la mwini wake, koma mantha amene akuliyendetsa ndi a wina. Apa kusiyanitsa kudula kwaufulu ndi kudula kokakamizidwa kumavuta, ndipo nthawi zina ngakhale mwini wakeyo sangathe kunena. J.M. Coetzee, amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa yunivesite ya Cape Town, analemba buku la Giving Offense mu 1996 pofufuza mmene kuunika kumalowerera m'maganizo a mlembi. Ku Malawi, alembi a gulu la Writers Group, limene linayamba ku Chancellor College mu 1970, anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, kubisa mfundo m'nthano za nyama ndi m'miyambi ya makolo. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981. Mu 1985 linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu a m'dziko, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Kodi munthu wina lero angatenge ndakatulo za nthawi imeneyo n'kuzilembanso mosabisa, n'kunena kuti wabwezeretsa zimene mantha anachotsa? Akatero angazipha. Kuphiphiritsa kumene kunabadwa chifukwa cha mantha kunasanduka luso lenileni la ndakatulozo, monga mmene mtengo womera pakati pa miyala umapindikira, kupindikako n'kukhala maonekedwe ake. Izi zikusonyeza malire a mfundo ija ya dzanja. Chimene chingabwezeretsedwe ndi chokhacho chimene chinalengedwa n'kuchotsedwa. Chimene mantha anachiletsa kubadwa sichingabwezeretsedwe, chifukwa sichinakhalepo. Chimenecho n'chofunika kuchilira, osati kuchipeka.

Chopinga chachitatu ndi oonera. Mayi amene anaonera filimu yodulidwa ku Avalon mu 1960, kapena bambo amene anaionera ku Apollo mu 1975, anaseka, analira ndi kusimbira anzake nkhani imene anaiona. Kukumbukira kwake si kwabodza. Filimu yodukayo inalowa m'moyo wake momwemo, ndipo m'mbiri ya anthu a m'mizinda imeneyi filimu yodukayo ndi imene inagwira ntchito. Anthu ozolowera nthano sadabwa nazo zimenezi: nthano ya kalulu imene gogo amasimba ku Dedza imasiyana pang'ono ndi imene imasimbidwa ku Chipata, ndipo palibe amene amafunsa kuti yeniyeni ndi iti. Kusiyana kwake n'kwakuti gogo amasintha nthano mwaufulu, pamene woonera wa ku District Six anabisiridwa. Komabe kope lodulidwalo siliyenera kutayidwa. Ndi mboni ya zinthu ziwiri: ya chimene anthu anaona, ndi ya chimene olamulira ankaopa. Amene angaike makope awiriwo pambalipambali angawerenge mantha a boma lonse m'mphindi ziwiri zosowa.

Kuchokera pa zopinga zitatuzi pakutuluka udindo wa wobwezeretsa: asabise msoko. Mu Metropolis ya 2010, zigawo zochokera ku Buenos Aires zimaoneka zokandikakandika ndi zofooka poyerekeza ndi zina, chifukwa kope lija linali lowonongeka, ndipo woonera amadziwa nthawi yomweyo pamene panali bala. Kumeneko ndi kuona mtima. Chitsanzo cha Spartacus, ya 1960, chili pakati. Chigawo cha Laurence Olivier ndi Tony Curtis, chimene chinadulidwa chifukwa ena anati n'cholaula, chinabwezeretsedwa mu 1991, koma mawu ake anali atatayika ndipo Olivier anali atamwalira mu 1989. Anthony Hopkins ndiye analankhula m'malo mwake, motsanzira liwu lake. Izi n'zopiririka chifukwa zithunzizo ndi zenizeni, mawuwo ndi amene analembedwa, ndipo zimene zinachitikazo sizinabisidwe. Koma mu 2025 kampani ina ya ku America inalengeza kuti ikufuna kugwiritsa ntchito makina a kompyuta otsanzira nzeru za munthu kupanga mwatsopano zigawo zotayika za The Magnificent Ambersons. Apa malire adumphidwa. Zimene makinawo angapange si zimene Welles anajambula; ndi maganizo a wina pa zimene Welles akanaonetsa, atavala nkhope za anthu akufa amene sangavomere kapena kukana. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene wabwera ndi madzi a m'chitsime china asanene kuti waola otayika aja.

Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi chosaoneka ngati nkhani ya nzeru zakuya: kusunga. Filimu ya Joe Bullet, mmene munasewera Ken Gampu pamodzi ndi anthu ena akuda, inaletsedwa mu 1973 itangoonetsedwa kawiri. Inapulumuka chifukwa wina anasunga kope lake kwa zaka pafupifupi 40, ndipo kampani ya Gravel Road ya ku Cape Town inaikonzanso kotero kuti inaonetsedwanso mu 2014. Koma mumzinda womwewo, pa 18 April 2021, moto wochokera kuphiri unafika pa yunivesite ya Cape Town n'kuwononga laibulale ya Jagger, ndipo mafilimu ambiri a ku Africa amene ankasungidwa mmenemo anapsa. Mtsutso wa kanoni ndi mwayi wa okhawo amene akadali ndi makope awiri oti ayerekeze. Kwa dziko ngati Malawi, limene ntchito yake ya mafilimu ikukula tsopano, phunziro lake n'lachidziwikire: wojambula amene amafufuta zodula zake kuti apeze malo pa kompyuta akuweruziratu mlandu umene unayenera kusiyidwa kwa adzukulu.

Yankho la funso lija, tsono, si inde kapena ayi wamba. Chigawo chochotsedwa ndi mbali ya filimu ngati chinachotsedwa ndi dzanja lachilendo, kaya la boma kaya la ndalama, mwini ntchito asakufuna. Si mbali ya filimu ngati mwini wake anachiyeza n'kuchisiya. Pamene sizikudziwika kuti dzanja linali laufulu kapena lamantha, chilungamo chimafuna kuti makope onse awiri asungidwe, lililonse lilembedwe dzina lake lenileni ndi chaka chake, ndipo woonera auzidwe zoona.

Muyeso womwewu umagwiranso ntchito pa munthu. Aliyense ali ndi kalata imene analemba ali wokwiya n'kuing'amba m'mawa mwake, ndi mawu amene anafika pa lilime n'kubwerera. Kumuweruza ndi zimenezo ndi kumulakwira, pakuti khalidwe la munthu limaonekera pa chimene anasankha kusiya monga limaonekera pa chimene anachita. Koma palinso anthu amene anakhala chete chifukwa panali ndende, ndipo chete wawoyo wakhala akuwerengedwa ngati kuvomereza. Mbadwo umene sutha kusiyanitsa mitundu iwiri iyi ya chete udzaimba mlandu odziletsa ndi kuiwala oponderezedwa. N'chifukwa chake, munthu asananene kuti chakutichakuti sichili m'nkhani, ayenera kuyamba wafunsa kuti anachichotsa ndani.